Buku la Chipatala Limene Ndinalembetsa M'dzina la Mayi Anga

Linali Lachiwiri, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, pamene a tekiniko amene amaona odwala pa chipatala chathu chaching'ono anayang'ana pepala la magazi anga, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti kutupa kwa chiwindi changa kwaphwa. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo ndinali nditapinda kale zovala za mwana wanga kuti wodzamutenga asadzavutike.

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muliko. Ine ndine Lusiya, make Tereza, wa kuno ku Majaua m'boma la Milange. Amene timapemphera limodzi mukudziwa kuti ndimakhala kumbuyo m'tchalitchi ndipo mawu anga samveka. N'chifukwa chake ndalemba, kuti wina awerenge m'malo mwanga. Ndili ndi kachilombo ka HIV. Ndilinso ndi kachilombo kena kotupitsa chiwindi, kamene kutsidya ku Malawi amati hepataitisi B, kuno achipatala amati epatite B. Kachiwirika ndinakhala nako zaka ziwiri osadziwa, ngakhale kuti zinali zolembedwa m'buku limene ndinkalisunga ndekha.

Mayi anga, a Marita, anathawa nkhondo ali mtsikana n'kukakhala ku msasa wa othawa kwawo ku Malawi. Mtendere utabwera anabwerera, anapeza malo athu ali thengo lokhalokha, ndipo anamanga nyumba ya dothi pafupi ndi mtengo wa mango umene unatsala. Ine ndinabadwira m'nyumba imeneyo. Iwo anamwalira ndisanakwatiwe, nyumba n'kutsala yanga.

Nditatenga pakati pa Tereza ndinapita kukayamba sikelo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Malawi, monga amachitira amayi ambiri akuno. Mtima wanga unali kale ndi mantha, chifukwa amuna anga ankadwaladwala ndipo anthu ankanong'ona. Namwino atandifunsa dzina, pakamwa panga panangotuluka dzina la mayi anga, ndi dzina la mudzi wa kufupi ndi msasa uja, umene ankautchula kawirikawiri. Ndinkaganiza kuti zotsatira zikakhala zoipa, zisakhale ndi dzina langa. Zinakhaladi zoipa. Ananditenga magazi kawiri ndipo anandiuza zinthu zambiri, koma makutu anga anatsekeka nditangomva mawu oyamba. Chimene ndinagwira n'chakuti piritsi limodzi tsiku lililonse. Namwino uja analemba zambiri m'buku langa, n'kudula mzere wofiira kunsi kwa mawu ena. Zinali m'Chingerezi, ndipo ine sukulu yanga inali ya Chipwitikizi, ndinalekeza kalasi yachinayi.

Amuna anga ndinawauza. Patapita masiku awiri anati akukafuna ntchito ku Mocuba. Mpaka lero sanabwere, ndipo kukayezetsa anakana. Ndimawapemphererabe.

Mwina mufunsa chifukwa chimene sindinkatengera mankhwala kuno, pomwe chipatala chathu ndimafikako pasanathe ola ndikuyenda pansi. Khomo lotengera mankhwalawo linayang'ana njira ya ku msika, ndipo aliyense wopita kukagula mchere amaona amene ali pa mzere. Komanso pa benchi la pakhomopo pankakonda kukhala a Titiya Anjelina, amene amagulitsa nsomba zouma ndipo amatsogolera amayi m'tchalitchi mwathu. Mawu awo akalankhula ku msika amamveka mpaka kuchigayo. Ine ndinkati amakhala pamenepo kuti aziwerenga nkhope za anthu. Ndikawaona patali ndinkapatuka.

Choncho miyezi itatu iliyonse ndinkabereka Tereza, n'kutenga dengu ngati ndikupita kukagula zinthu, n'kuwoloka pa doko. Kuchipatala kuja akaitana kuti "Marita!" ine ndinkaimirira. Panali mayi wina wa kwathu konkuno, wa mudzi wa kuseri kwa chigayo, amene tsiku lake linkafanana ndi langa. Nthawi zonse ankavala kapulana yobiriwira, nsalu imene kutsidya amati chitenje. Tinkawoloka limodzi, kukhala pa mzere umodzi, kubwerera njira imodzi, koma sitinapatsanepo moni. Tsiku lina anandigwirira dengu pa doko ndikumanga mwana kumbuyo, n'kundibwezera osandiyang'ana. Tinkasungirana chinsinsi pokhala ngati sitidziwana.

Kenaka kunabwera mvula yamphepo ija imene nonse mukuikumbuka. Inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachitatu masana khoma la kumbuyo linayamba kufufuma, ndipo nditangotuluka ndi mwana nyumba ya mayi anga inakhala pansi. Tinathawira ku tchalitchi pamodzi ndi mabanja ena ambiri. Botolo la mankhwala linali m'chiuno mwanga, ndipo ndinkakamwera kuseri kwa chimbudzi kuti wina asamve kulira kwa mapiritsi. Mvula itakata ndinakafukula buku lija m'matope. Linali m'jumbo ya shuga, koma madzi analowa ndipo masamba anamatirirana.

Mtsinje unadya doko lathu, bwato linapita ndi madzi. Kuzungulira ku malire a Muloza ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo m'tchalitchi modzaza anthu muja aliyense akanafunsa kumene ndikupita. Mapiritsi anatha. Ndinaima tsiku lina pa njira ya ku chipatala chathu buku lili m'chiuno, koma ndinaganiza: buku la dziko lina, lonyowa, lokhala ndi dzina la munthu amene manda ake ali pomwepa. Ndikanena chiyani? Ndinaona a Titiya Anjelina ali pa benchi lawo, ndipo ndinabwerera.

Ndinadziuza kuti ndidikira madzi aphwe. Mwezi unatha osamwa mankhwala ndipo sindinamve kupweteka paliponse. Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. Ndinayamba kudziuza kuti mwina Mulungu wandichiritsa, ndipo popemphera ndinkathokoza. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti si chikhulupiriro, ndinangotenga dzina la Mulungu n'kuphimbira manyazi anga. Madzi ataphwa anthu n'kuyambanso kuwoloka, ndinaopanso kuti namwino akandikalipira chifukwa chojomba. Sabata iliyonse ndinkati ndipita sabata ya mawa.

Nthawi imeneyo mpingo unagawa masiku oumba njerwa. Lero tonse kwa uyu, mawa tonse kwa uyo, kuti aliyense amene nyumba inamugwera amangenso. Ine ndinali nditamanga kachisakasa ka udzu pansi pa mango aja, ndipo ndinkapita kukatunga madzi a dothi monga anzanga. M'mwezi wachitatu ndowa inayamba kundilemera. Fungo la mafuta ophikira linkandichititsa mseru. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, kunsi kwa nthiti za kumanja kunkalemera ngati ndameza mwala, ndipo thupi lonse linkayabwa. Amayi anzanga anaona maso anga n'kunena kuti ndi chikasu. Anandibweretsera nzimbe zambiri, ena mizu yowawa yoviika m'madzi. Anachita zimenezi mwachikondi, ndipo ine ndinkamwa zonse, chifukwa kudwala chikasu cha nzimbe kunalibe manyazi.

Sizinathandize. Ndinayamba kugona masana onse. Tereza ankabwera kudzandikoka nsalu kuti ndimunyamule, koma manja anga ankalephera. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa litapendeka, ndinamupeza atakhala pa dothi akudya mango aawisi ogwa okha, ndipo sanalire n'komwe. Anali atazolowera kuti mayi ake sadzuka. Pamenepo ndinadziwa kuti ndikufa. Ndinachapa tizovala take titatu, n'kutipinda, n'kutiika m'dengu pamodzi ndi kapu yake. Pemphero langa silinalinso lopempha moyo. Ndinkangoti, Ambuye, ngati mukunditenga, ndionetseni munthu wondilerera mwanayu ndisanapite. Ndinapemphera choncho masiku asanu ndi atatu, ndipo kumwamba kunali zii.

Tsiku loumba njerwa zanga linafika. Amayi anabwera m'mamawa ndi zikombole, akuimba, ine ndili gone m'chisakasa. Ndinamva mawu aja akuyandikira.

"Iwe Lusiya! Ife tikuponda matope ako, iwe uli tambalale ngati mkazi wa administradoro, bwana wa boma? Tikubweretsere tiyi, madamu?"

Anali a Titiya Anjelina. Anawerama n'kulowa, manja ali matope okhaokha. Atandiona kuseka kunatha. Ananditsegula chikope ndi chala, anayang'ana m'manja mwanga, anayang'ana dengu la zovala zopindidwa lija. Kenaka analankhula motsitsa, ndipo ine sindinkadziwa kuti mawu awo amatha kutsika choncho.

"Mwana wanga, mankhwala unasiya liti?"

"Mankhwala ake ati, Titiya?"

Anamasula mfundo ya pa ngodya ya kapulana yawo n'kutulutsa botolo lofanana ndendende ndi langa lija. "Zaka zanga ndi awa zaposa khumi," anatero. "Ukamandiona pa benchi paja umayesa ndimagulitsa nsomba pamenepo?"

Abale anga, ndinalira ngati mwana. Ndinapisa dzanja pansi pa mphasa n'kuwapatsa buku lija. Anapukuta manja, anayang'ana pachikuto, ndipo anakhala pansi. Anawerenga dzina lija kawiri. Anati iwo ndi mayi anga ankagona mphasa imodzi ku msasa, ndipo anabwerera kuno pa lole imodzi. Misozi ikutsika anayamba kuseka.

"Ndiye Marita zaka ziwiri zonsezi wakhala akumwa mankhwala ali kumanda? Iwe mwana iwe! Akanakhala moyo akanakukwapula ndi chikuni."

Ku msasa kuja iwo anaphunzira sukulu ya ku Malawi, ndiye Chingerezi amachiwerenga pang'onopang'ono. Anatenga kampeni kawo kotumbulira nsomba n'kuyamba kulekanitsa masamba omatirirana aja, limodzilimodzi, mosamala ngati akusenda chilonda. Ena anang'ambika, ena inki inasungunuka. Koma tsamba la mzere wofiira lija linatseguka lathunthu. Anayendetsa chala pa mawu aja, milomo ikugwedera, n'kubwerezanso.

"Apa alemba kuti tizilombo uli nato tiwiri, kena n'ka chiwindi. Alembanso kuti mankhwalawa usasiye ngakhale pang'ono. Lusiya, ichi si chikasu cha nzimbe. Dzuka."

Anatuluka n'kuuza amayi aja ndi mawu awo aakulu kuti chikasu chakula, akupita nane kuchipatala, iwo apitirize njerwa. Sanawonjezere kanthu kena, tsikulo ngakhale pambuyo pake. Anaitana wa njinga, anandikweza, iwo n'kumatsatira pambuyo atabereka Tereza.

Ndinalowa pa khomo loyang'ana msika lija dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Ndinkadikira kukalipiridwa chifukwa cha dzina labodza. A tekiniko anamvetsera a Titiya akumasulira tsamba lija, mawu ena m'Chinyanja, ena m'Chipwitikizi. Atamaliza anangoti, "Dzina tikonza pompano. Chiwindi ndiye sichidikira." Ananditsegulira khadi latsopano. Anandifunsa dzina langa ndipo ndinati Lusiya.

Anandifotokozera zimene namwino wa kutsidya ayenera kuti anandiuza tsiku lija makutu anga atatsekeka. Piritsi limene ndinkamwa linkagwira tizilombo tonse tiwiri nthawi imodzi. Nditasiya, ka chiwindi kanadzuka n'kuchulukana mwakachetechete, thupi linayamba kulimbana nako m'chiwindi momwemo, ndipo nkhondo imeneyo ndi imene inkatupitsa ndi kuwononga chiwindicho. Mizu yowawa ija inkangochiwonjezera katundu. Anati pakanapanda tsamba limenelo akanayamba kufufuza malungo ndi zina, masiku n'kumapita. Chifukwa cha tsambalo ananditumiza tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu ku vila, m'tauni ya Milange.

Musaganize kuti nditafika kumeneko zonse zinangotha. Anandiyambitsanso mankhwala, anandiletsa mizu, mowa ndi mapiritsi ogula pa msika. Koma sabata yoyamba maso anga anapitirira kuchita chikasu, ndipo dokotala sanandilonjeze kanthu. Pa bedi loyandikana ndi langa panali mayi wa ku Mongue, wa ana anayi. Iyenso anali ndi tizilombo tonse tiwiri, koma anadziwa mochedwa chiwindi chitauma kale. Mimba yake inatupa ndi madzi ngati wa pakati, manja ali ngati bango. Ankandiuza za nyemba zimene anasiya m'munda zisanakololedwe. Lamlungu lina masana, anthu akulowa ndi chakudya cha odwala, anangosiya kupuma. Ndinaona mwamuna wake akupinda bulangete lake bwinobwino, ngati pali wina adzalifundanso. Ndinatembenukira kukhoma n'kudziuza kuti wotsatira ndine. Sindidziwa chifukwa chake iye anapita ine n'kutsala. Sindinali wolungama kuposa iye, ndipo iye sanasiye mankhwala dala monga ndinachitira ine.

Masabata onsewo Tereza anali kwa a Titiya. Loweruka lililonse ankasiya nsomba zawo, kukwera shapa, minibasi ya kuno, ndi mwana, n'kudzamuimika pawindo kuti ndimuone. Mwanayo anali atametedwa bwino, masaya atayamba kubwerera. Tsiku lina m'sabata yachitatu ndinamva fungo la chinangwa chootcha kuchokera panja, ndipo m'malo mwa mseru ndinamva njala. A Titiya atamva anafuula mpaka anamwino anawadzudzula. "Wayamba dyera! Ameneyu safanso, angotitha chinangwa!"

Ananditulutsa patatha mwezi, koma mwezi uliwonse ndinkapita kukatengedwa magazi. Tereza anamuyezanso. Masiku odikira zotsatira zake anali owawa kuposa masiku anga a m'chipatala. Anapezeka wopanda tizilombo tonse tiwiri. A tekiniko anati mankhwala amene ndinkamwa ndili ndi pakati, ndi katemera amene analandira ali khanda, ndi zimene zinamutchinjiriza.

Ndiye linafika Lachiwiri lija. A tekiniko sanandibisire. Anati chiwindi chaphwa, koma kachilombo sikanachoke, kangogona. Chiwindicho chatsala ndi zipsera ndipo azichiyang'anira moyo wanga wonse. Anati piritsi limeneli ndisadzalisiyenso ngakhale kugwe mvula yotani, ndipo wina aliyense akadzafuna kundisinthira mankhwala ndiyambe ndamuuza kuti tizilombo ndili nato tiwiri. Mpaka pano ndikalima pang'ono ndimatopa msanga. Nyumba yanga yafika pa mawindo, denga kulibe, ndipo tikugonabe m'chisakasa. Sindikukuuzani kuti ndachira. Ndikukuuzani kuti ndili moyo, ndipo mwana wanga ndimamunyamula ndekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinapempha. Ndinapempha munthu wolera mwana wamasiye, Iye ananditumizira munthu wodzutsa mayi wake, ndipo anasankha yemwe ndinkamuthawa pa njira. Ndikuthokoza a Titiya Anjelina, amene andilola kutchula za botolo lawo m'kalata ino. Ndikuthokoza namwino wa kutsidya amene anadula mzere wofiira uja, ngakhale samandidziwa dzina. Ndikuthokozanso inu amayi amene munaumba njerwa zanga ine kulibe.

Inu amene mumawoloka mtsinje ndi dengu lopanda kanthu monga ndinkachitira ine, sindikukuweruzani. Koma mtsinje umadzaza. Funsani zimene zalembedwa m'buku mwanu, ndipo ngati simutha kuwerenga pezani wokuwerengerani. Funsani ngati anakuyezani za chiwindi. Maso akachita chikasu pitani kuchipatala musanatafune nzimbe. Pempherani ndithu, koma musasiye mankhwala n'kumati ndi chikhulupiriro, chifukwa ine ndinayesa ndipo ndinatsala pang'ono kusiya mwana pa dothi. Limbani mtima. Manyazi amawawa tsiku limodzi lokha, lolowa pa khomo lija.

Pobwerera Lachiwiri limenelo ndinafunsa a Titiya za mayi wa kapulana yobiriwira uja. Kuyambira m'chipatala nkhope yake inkandibwerera, koma ndinkadziuza kuti ndidakali wofooka. Anati akumudziwa, ndipo chigwere mvula ija sanaonekenso pa doko ngakhale ku msika.

"Ndapitako kawiri, amanditsekera chitseko," anatero. "Ine amaopa pakamwa pangapa. Koma iwe amakudziwa."

"Titiya, ine sinditha kulankhula."

"Ndani wati ukalalikire? Ukangomuonetsa buku la Marita."

M'mawa mwake, Lachitatu, ndinamwa piritsi langa nditakhala pa mulu wa njerwa, anthu akudutsa kupita ku mjigo. Ndinabereka Tereza. Ndinaika m'jumbo buku lakale lija ndi khadi langa latsopano, n'kutenga njira ya kuseri kwa chigayo. Pakhomopo panali posasesa, ndipo kapulana yobiriwira inali pa chingwe, yotuwa ngati yakhalapo masiku ambiri. Ndinaima pa chitseko. Kenaka ndinati "Odi!" mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo chibadwire.

M'katimo mawu ofooka anafunsa kuti, "Ndani?"

"Ndine mnzanu wa pa doko uja. Munandigwirira dengu."

Ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, kenaka mapazi akubwera pang'onopang'ono, ndipo chitseko chinatseguka.